Magetsi a Lachisanu Masana

Wailesi ija inabwera pa basi ya ku Joni itakulungidwa m'bulangeti. Ndikuti wailesi chifukwa ndi mmene tinkaitchulira, koma chinali chinthu cha zigawo zinayi: bokosi lachitsulo la ampulifaya, masipika awiri ofika m'chiuno, ndi sabufa yolemera ngati thumba la simenti. Anatumiza ndi bambo a mwana wanga. Iwo anapita kukagwira ntchito kumeneko mwana ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi mwanayo anali atapitirira zaka ziwiri asanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe. Ngakhale "mama". Ankaloza ndi chala, ankakoka chitenje changa akafuna madzi, ankaseka akaona nkhuku zikuthamangitsana. Koma pakamwa zii.

Bambo ake ankati vuto ndi foni. Lamlungu lililonse ankatumiza uthenga wa mawu, akumuitana mwana, akumuimbira, akumufunsa ngati wadya. Ine ndinkaika foni pafupi ndi nkhope yake, iye n'kumangoinyambita.

"Kasipika ka foni n'kakang'ono, amake mwana," anandiuza tsiku lina. "Mawu anga ndi a besi, sakwanamo mmenemo. Ndikutumizirani chinthu choti andimve ngati ndakhala pa mpando pomwepo."

Ndinavomera msanga, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti vuto likhale foni.

Ndiulule kaye chinthu chimodzi. Ine ndili ndi satifiketi ya zamagetsi. Ndinaphunzira zaka ziwiri ku koleji ya ntchito zamanja, atsikana tinalimo atatu okha m'kalasi. Nditamaliza ndinafunsira ntchito m'malo angapo, kulikonse ankandiyang'ana manja n'kundifunsa ngati ndingakwere pholo. Kenako ukwati, kenako mimba, ndipo pepalalo linakalowa pansi pa sutikesi limodzi ndi khadi la ubatizo. Ndinkagulitsa mafirizesi kwa ana asukulu, ndiwo anali magetsi anga.

Tsono pulagi ya ku Joni ili ndi mano ozungulira, pamene soketi zathu zimafuna mano amakona. Kuno ku Mangochi, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi m'bale kumeneko, aliyense amadziwa chochita. Umadula pulagiyo ndi mpeni, n'kusenda mawaya awiri. Umatsegula kachitseko ka soketi ndi kamtengo, kulowetsa mawayawo, n'kuwapanikiza ndi zitsotso za machesi. Waya wachitatu uja, wobiriwira wa mizere yachikasu, umangoupindira kumbuyo ngati mchira. Ndaziona pa mafiliji, pa masimbi, pa makina ometera. Ndipo tsiku limene wailesi inafika, ndili ndi phuma loti mwana amve bambo ake dzuwa lisanalowe, ine ndinachita zomwezo. Ine amene ndinalembapo mayeso ofotokoza kuti waya wobiriwirawo ndi ethi, njira imene magetsi osochera amathawira kupita m'nthaka m'malo mopita m'thupi mwa munthu.

Nditayatsa, chisanamveke china chilichonse, panabwera kung'ung'udza. Mmmmm, kosalekeza, ngati boti la injini limene lili kutali koma silikufika. Ndinalumikiza foni, ndinaika uthenga. Mawu a bambo ake anatuluka ndithu, koma anali ngati a munthu amene akulankhulira mkati mwa mgolo. Filiji ikadzuka, masipika ankati "thu". Owotcherera zitsulo amene ali ndi shedi kuseri kwa mpanda wathu akangokhudzitsa ndodo yawo pa chitsulo, babu ankafooka ndipo wailesi inkathetheka ngati usipa m'mafuta.

Mwana sanatembenuke. Bambo ake anamuitana katatu, iye ali busy ndi supuni yake pa mkeka, ngati m'nyumba mulibe aliyense. Patapita kanthawi anadzuka, anapita pa sabufa, anaika chikhato chake pamwamba pake n'kuyamba kuseka. Ankasangalala ndi kunjenjemerako. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira chitsulo cha ampulifaya. Anabweza dzanjalo mwadzidzidzi n'kulira kulira kumene sindinakumvepo. Ndinakhudza chitsulocho ndi kuseri kwa chala. Chinkaluma, pang'ono chabe, ngati nyerere, koma chinkaluma.

Ndinazula mawaya aja, ndinamubereka mpaka anagona. Ndipo ndili chiimire pakati pa nyumba ndinadziuza kuti: sanatembenuke chifukwa cha phokoso. Ndani angazindikire bambo ake mkati mwa phokoso lotere? Ndinagwira ganizo limeneli ndi manja awiri.

Chifukwa panali ganizo lina limene sindinkafuna kuliyang'ana. Ali ndi miyezi khumi, khutu lake lakumanzere linatuluka mafinya. Kunali mvula, njira yopita kuchipatala inali matope okhaokha, ndipo mayi wina pa mjigo anandiuza kuti ndi mano akumera, zimatha zokha. Ndinkangopukuta ndi kansalu. Ndinadikira milungu iwiri, mwinanso kupitirira. Zinaumadi zokha. Sindinauze bambo ake, sindinauze aliyense, ndipo kusikelo akafunsa ngati mwana wadwalapo ndinkati chimfine basi. Kuchokera pamenepo, tsiku lililonse limene mwana sanalankhule, ndinkawerengera milungu iwiri ija.

Masiku amenewo n'kuti apongozi anga ali pakhomo. Anabwera kuchokera ku Makanjira pa lole, atanyamula thumba la chinangwa chouma ndi mbuzi yaikazi imene anati ndi ya mdzukulu wawo. Ndi mayi wamfupi, wosachedwa kuyankha, ndipo Chichewa chawo chimatuluka ndi kamvekedwe ka Chiyao. Ine ndine wa ku Nkhudzi, mwana wa msodzi, ndinakulira m'kwaya ya tchalitchi. Iwo amaswali kasanu pa tsiku. Sitinakanganepo, komanso sitinkauzana zakukhosi.

"Mwanangu, mukudzivutitsa," anatero atandiona ndikuyang'anitsitsa wailesi yozimayo. "Bambo ake ameneyu analankhula ali ndi zaka zinayi. Lero mukamuimbira foni amakupatsani mpata woyankha?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye basi. Magazi ndi omwewo."

Ndinaseka nawo, koma mmawa mwake ndinakoka sutikesi ija. Pansi pake panali kachikwama kanga ka zida za kukoleji: pulayala, tesita, masikuludiraiva awiri, ndi maltimita yoyezera magetsi imene batire yake inali itachita dzimbiri. Panalinso kope langa la manotsi, masamba ake atamatana. Ndinaganiza chinthu chimodzi: ndichotsa phokoso lililonse m'wailesi imeneyi, limodzilimodzi, mpaka mutatsala mawu a bambo ake okha. Akapanda kutembenuka pamenepo, ndiye kuti ndilibenso pobisala. Ndikudziwa kuti mayi wina wanzeru akanangonyamula mwana n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Ine sindinali mayi ameneyo. Ndinkaopa mzere wa kuchipatala, ndinkaopa funso loti "munali kuti nthawi yonseyi?" Mawaya sindinkawaopa. Ndinayambira kumene ndinkatha.

Choyamba chinali pulagi. Ndinagula yabwino ku hadiweya, yolemera, ya fyuzi mkati, osati zopepuka zija zimene zimasungunuka ukaphikira. Ndinasenda mawaya onse atatu, uliwonse pamalo pake, wobiriwira pa dzino lalitali lapamwamba. Manja ankakumbukira okha. Zitsotso za machesi ndinazitola n'kukaziponya pamoto, mwamanyazi, ngati wina akundiona.

Chachiwiri chinali filiji. Nyumba yathu ya lendi ili ndi soketi ziwiri zokha, ina pabalaza, ina kuchipinda, ndipo ine ndinali nditaunjika zonse pa ekisitenshoni imodzi yopyapyala: filiji, chaja ya foni, fani, tsopano ndi wailesi. Ndinakankha filiji ndekha mpaka kuchipinda, ndikuiyendetsa kona ndi kona, apongozi akundiuza kuti ndithyoka msana. Wailesi inatsala yokha pa soketi yake ya pakhoma. Chaja ya foni ndinaipeza kuti nayonso inali ndi kaphokoso kake, kokhala ngati ka udzudzu, moti ndinaphunzira kuyamba ndatchaja foni n'kuizula ndisanailumikize ku ampulifaya.

Kugunda kuja kunachepa, kunkangomveka patali. Koma kung'ung'udza kunalipobe, ndipo kuthetheka kwa owotcherera kunali komweko.

Ndinamanga chitenje n'kuzungulira mpanda. Owotchererawo ndi mnzawo wa bambo a mwana kuyambira ali anyamata, ndiye timaitanana alamu. Ndinawapeza akulumikiza felemu ya chitseko, magalasi akuda ali pamphumi. Waya wa makina awo, wonenepa ngati chala chachikulu, unkachokera pa pholo lomwelo limene limadyetsa nyumba yathu.

"Alamu, makina anuwa akundilowera m'nyumba."

"Alowa bwanji, poti ndawamangirira apa?"

"Akulowa pa waya. Mukangoyatsa, wailesi yanga imakazinga nsomba."

Anaseka mpaka anakhala pansi pa chitini cha penti. "Ndiye mwabwera kuti ndisiye ntchito chifukwa cha disiko yanu? Amuna anu akutumizirani zida zoti muzivina nokhanokha, ife tife ndi njala?"

Ndinafuna kubweza nthabwala, koma pakamwa panatuluka zina. Ndinawauza kuti si za kuvina. Ndinawauza kuti mwana sakulankhula, ndipo ndikufuna ola limodzi lokha la magetsi oyera kuti ndione ngati akumva bambo ake. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa kwa munthu.

Anavula magalasi aja n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale kuti sanali akuda ndi fumbi.

"Ine ndekha ndikazimitsa sizithandiza, mlamu. Pali chigayo apo, pali aja opanga ayezi wa asodzi. Tonse tikuyamwa thiransifoma imodzi, ndipo ndi yokalamba kuposa ine." Anabwezera magalasi aja pamphumi. "Koma bwanji osayesa Lachisanu? Azana ya ku mzikiti ikangomveka masana, ine ndimatseka, achigayo amatseka, a ayezi amatseka. Mpaka cha m'ma thu koloko. Magetsi onse a dera lino amatsala a inu Akhristu nokhanokha, ndipo simudziwa n'chochita nawo."

Ndakhala m'dera limeneli zaka zinayi, ndipo Lachisanu lililonse ndinkaona amuna atavala mikanjo yoyera akudutsa pa msewu kupita ku mzikiti. Sindinaganizepo kuti magetsi nawonso amapuma nthawi imeneyo.

Lachisanu loyamba ndinakonzeka kuyambira mmawa, ndikupemphera kuti asathime, pakuti sabata imeneyo anali atathima kawiri. Sanathime. Chigayo chinaleka kulira, shedi ya alamu inatsekedwa. Ndinaika batire yatsopano mu maltimita n'kuyeza pa soketi. Manambala amene sabata yonse ankangovinavina, kutsika ndi kukwera, anaima malo amodzi. Ndinayatsa wailesi. Kuthetheka kunalibe. Koma mmmmm uja anali pomwepo, wonenepa ngati kale. Ndinakhudza chitsulo cha ampulifaya ndi tesita, kababu kake kanayaka.

Sindinaike n'komwe uthenga wa bambo ake. Ndinakhala pa mpando ndikuyang'ana kababu kofiirako. Anthu onse amene ndikanawaloza chala anali ku mzikiti. Vuto linali m'nyumba mwanga momwe.

Ndinatsegula kope lija. Pa tsamba lina panali chithunzi chimene ndinajambula ndekha ndili mtsikana: waya wobiriwira kuchokera pa soketi, kupita pa bokosi la meniswichi, kutuluka panja, kukathera pa ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi. Pansi pake ndinalemba mawu a aphunzitsi athu, oti ethi imene sinafike m'nthaka yonyowa ndi chokongoletsera chabe. Ndinazimitsa meniswichi, ndinatsegula soketi. Waya wobiriwira unalimo, womangidwa bwino. Pa bokosi unaliponso. Ndinautsatira pamene unaboola khoma, ndinatuluka panja, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene sindinkapitako kawirikawiri chifukwa kulibe mthunzi.

Kumeneko ndinapeza mbuzi ya mwana wanga ikubzikula, chingwe chake chitamangidwa pa kachitsulo kotuluka m'nthaka. Waya wobiriwira unkalendewera pakhoma, nsonga yake ili m'malere, kutalikirana ndi kachitsuloko ngati chikhato chimodzi.

Apongozi anabwera pambuyo panga atamva ndikumasula mbuzi.

"Mukuipititsa kuti? Pamenepo m'pabwino, chikhomo chake n'cholimba."

"Amayi, ichi si chikhomo. Ndi cha magetsi."

"Cha magetsi chili pansi ngati chinangwa?"

Ndinagwira kachitsuloko n'kukagwedeza. Kanazuka ndi dzanja limodzi. Kanali kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba, kosafika ndi pa chigongono pomwe, kadzimbiri kokhakokha, ndipo mchenga umene kanatulukamo unali wouma ngati ufa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno lija loti nsapato za pulasitiki zimafewa. Ndinayang'ana nsonga ya waya. Inali yakuda, yakale. Sinaduke sabata imeneyo kapena mwezi umenewo.

Apongozi anali ataona nkhope yanga, ndipo anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti mdzukulu wanga chinamuluma chija n'chifukwa cha mbuzi yangayi?"

"Ayi, amayi. Taonani, unaduka kalekale, inu musanabwere. Ndipo ngakhale ukanakhala wosaduka, kachitsulo aka mumchenga wouma chonchi sikakanathandiza kanthu. Amene anamanga nyumbayi anangofuna kuti oyendera aone kuti chilipo."

Zinali zoona, ndipo ndinasangalala kuti zinali zoona. Koma chinanso chinali choona: zaka zinayi ndinkakhala m'nyumba imeneyo, ndi satifiketi yanga m'sutikesi, osazungulirako n'kamodzi komwe kukaona.

Eni nyumba nditawauza anangoti ngati ndikudziwa chochita ndichite, bola ndisagwetse khoma. Loweruka ndinapita ku boma n'kukagula ndodo yeniyeni ya ethi, yokutidwa ndi kopa, yofika paphewa panga, ndi kachomangira kake ka bawuti, ndi waya wobiriwira wonenepa. Wa kabaza amene ananditenga anafunsa ngati ndikukapha ng'ona. Malo ndinasankha ena, osati akale aja. Ndinasankha pafupi ndi bafa, pamene madzi osamba amatsikira, pomwe pamamera udzu wobiriwira ngakhale m'chilimwe.

Lolemba ndinayamba kukumba kusanatenthe. Mchenga wa kuno ndi wosavuta kukumba koma ndi wamwano, ukachotsa khasu limodzi umabwereramo theka. Ndinakumba mpaka dzenje linafika m'chiuno, ndipo pansi pake mchenga unayamba kuda ndi kuzizira. Ndinabwereka hamala yaikulu kwa alamu. Iwo anati abwere adzakhome okha, ine ndinakana. Sindikudziwa bwino chifukwa chake. Mwina ndinkafuna kuti chinthu chimodzi chokha pa nkhani ya mwanayu ndichichite ndi manja anga mpaka pamapeto, osadikira kuti chithe chokha. Ndinakhoma, ndikupuma, ndikukhomanso, mpaka m'manja munatuluka matuza, ndodo yonse inalowa kutsala kansonga.

Kenako ndinabweretsa makala osinja ndi mchere wa mibulu, monga tinaphunzirira: makala amasunga chinyezi, mchere umathandiza nthaka kulandira magetsi. Ndikuthira zimenezi mosinthanitsa m'dzenje, apongozi anaima pamwamba, mwana ali kumsana kwawo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mwanangu, mchere ndi makala, pakona pa nyumba, dzuwa likuswa mtengo? Anthu ati chiyani?"

"Ati chiyani, amayi?"

"Ati mkazi wa mwana wanga akutsirika nyumba. Enawo amachita zimenezi anthu atagona, inu mukuchita poyera ngati mukubzala tomato."

Sananame. Madzulo ake pa mjigo mayi wina anandifunsa monong'ona kuti sing'anga wake ndi wa kuti, ndipo ngati mankhwalawo amagwiranso pa amuna amene ali ku Joni. Ndinamuuza kuti amagwira pa mawailesi okha. Sanakhulupirire.

Koma apongozi omwewo ndi amene anatunga ndowa zitatu za madzi n'kuthira m'dzenjemo, ndipo mbuzi anakaikhomera chikhomo chamtengo pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinamanga waya pa ndodo, ndinalimbitsa bawuti mpaka pulayala inanditerera, ndinaukhomerera wayawo m'mbali mwa khoma mpaka pa bokosi. Nditayatsa meniswichi ndinakhudza ampulifaya ndi tesita. Kababu sikanayake. Ndinakhudza ndi kuseri kwa chala, kenako ndi chikhato chonse. Chitsulo chozizira basi.

Ndikanatha kuyesa tsiku lomwelo. Sindinayese. Ndinadziuza kuti ndikudikira magetsi a Lachisanu, ndipo zinali zoona, koma masiku atatu amenewo ndinawafunanso ndekha. Ndinkamuyang'ana mwana akudya, akugona, akuthamangitsa mbuzi yake, ndikudziwa kuti awa ndi masiku omaliza amene ndingathe kunena kuti sindikudziwa.

Lachisanu linafika. Azana inamveka, chigayo chinaleka. Apongozi anayala mkeka wawo kuchipinda n'kuyamba kuswali. Ine ndinasuntha masipika, ina kukhoma la kumanja, ina kukhoma la kumanzere, sabufa ndinaizula kuti pasakhale chonjenjemera. Mwana ndinamukhazika pakati pa balaza, atandifulatira, ndi zitsekerero za mabotolo zimene amakonda kuziika m'kapu. Ndinayatsa wailesi.

Ndinaganiza kuti yafa. Kagetsi kake kanali koyaka, koma m'masipika munalibe kalikonse. Ndinaika khutu pa nsalu ya sipika, ndipo patali kwambiri ndinamva kampweya kochepa. Zinali zimenezo basi.

Pa ampulifaya pali kachotembenuza kamene kamatumiza mawu mbali imodzi. Ndinakapotozera kumanja mpaka pamapeto, voliyumu ndinaiika pansi, pa mlingo wa munthu amene akulankhula bwinobwino m'nyumba. Ndinaika uthenga wa Lamlungu lapitalo.

Ndinamva bambo ake akukoka mpweya asanayambe. Ndinamva minibasi ikuimba hutala kumbuyo kwawo, m'dziko limene sindinalionepo. Kenako anaitana dzina la mwana.

Dzanja la mwana linaima m'malere, chitsekerero chili pakati pa zala. Anaitananso. Mutu unadzuka, unatembenukira kumanja, ndipo anayang'ana sipika ija nthawi yaitali, kenako anayang'ana kuseri kwake ngati akufuna munthu. Ndinaimitsa uthenga ndipo ndinafuna kuthera pomwepo, kuthamangira kuchipinda, kuimba foni ku Joni. Koma ndinali nditasuntha masipika awiri, osati imodzi, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake.

Ndinadikira kuti abwerere ku zitsekerero zake. Ndinapotozera kachotembenuza kaja kumanzere. Ndinayambitsanso uthenga womwewo, pa voliyumu yomweyo. Bambo ake anaitana. Chitsekerero chinagwera m'kapu. Anaitananso. China chinagwera m'kapu. Ndinakweza pang'ono. Palibe. Ndinakwezanso, ndipo apa mutu unadzuka, koma unatembenukira kumanja, ku sipika imene inali chete.

"Bwerezani."

Anali apongozi. Sindinawamve akutuluka kuchipinda. Anaima pakhomo, mpango woswalira udakali kumutu. Ndinabwereza zonse, kumanja kenako kumanzere. Zinachitika chimodzimodzi. Ndinabwerezanso kachitatu, mpaka mwana anatopa nafe n'kudzuka kupita kukagwira sipika ya kumanja.

"Khutu ili," anatero apongozi, akugwira khutu lawo lakumanzere.

Ndinazimitsa wailesi ndipo ndinawauza zonse. Za mafinya, za mvula, za mayi wa pa mjigo, za kansalu, za milungu iwiri. Ndinkalankhula ndikuyang'ana pansi. Ndinkayembekeza kuti andifunsa funso lija limene ndinkaliopa kuchipatala, ndipo akanakhala ndi ufulu wolifunsa.

Anakhala pa mpando, anavula mpango n'kuupinda bwinobwino pa maondo.

"Zija ndinkati bambo ake analankhula ali ndi zaka zinayi," anatero, "ndinawonjezera. Anali ndi ziwiri. Ndinkafuna muzigona tulo." Anaupindanso mpangowo kachiwiri. "Lolemba tilawirira. Kadzutsa tikadyera pa mzere. Mwana ndikabereka ine, inu mukanyamule buku lake la kusikelo ndi pakamwa panu, mukanene zonse mwandiuzazi. Akakakukalipirani, akatikalipire tonse."

Kunja chigayo chinayambanso kulira, ndipo babu wa pabalaza anaphethira.

Bambo ake ndinawauza madzulo a tsiku lomwelo, osati pa uthenga koma pa foni, kuti andiyankhe ndikumva. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa kuti, "Koma kumanjako anatembenuka? Anandimva ine?" Ndinati anakumvani, mpaka anakufunani kuseri kwa sipika. Anandipempha kuti ndinenenso.

Kuchipatala anandifunsadi kuti ndinali kuti, ndipo ndinayankha. Sindinafe. Mwana anamuyang'ana m'makutu, anatitumiza kwa ena oona za makutu, ndipo kumeneko anatiuza kuti lakumanzere linawonongeka ndithu, lakumanja limamva koma linali ndi madzi mkati amene ankachepetsa mawu. Lakumanjalo analithandiza. Za lakumanzere tikupitabe, ndipo sindikudziwa kuti zidzatha bwanji. Anandiphunzitsa kumulankhula ndili kumanja kwake, nkhope yanga akuiona, pamalo opanda phokoso. Mayi amene ankatiphunzitsayo atamva mmene ndinadziwira, anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Ndinati ndine wa zamagetsi. Aka kanali koyamba kuyankha choncho.

Panopa masipika onse awiri ali mbali imodzi ya balaza, ndipo mkeka wa mwana uli ndi malo ake. Magetsi akathima ndimathamangira kuzula pulagi, chifukwa pobwera amabwera ndi ukali. Mauthenga a bambo ake timamvera tsiku lililonse, koma atsopano timawasungira Lachisanu masana, ndipo alamu akamadutsa ndi mkanjo wawo amagogoda pa mpanda n'kunena kuti, "Mlamu, takusiyirani."

Mawu mwana ali nawo tsopano, ochepa, osamveka bwino kwa alendo. Loyamba silinali "baba", ngakhale kuti bambo ake analimbikira miyezi yonseyo. Linali "buji", ndipo ankanena mbuzi. Apongozi anabwerera ku Makanjira akunyada ngati mphunzitsi ndi iwo.

Mmawa uliwonse ndikamusambitsa, madzi a m'beseni sinditaya pabwalo. Ndimazungulira nawo kuseri n'kukathira pa ndodo ija, kenako ndimagwira waya wobiriwira n'kuukoka pang'ono kuti ndione ngati udakali wolimba. Mwana amanditsatira ndi kapu yake, nayenso amathira.